Utsi wa pa Chitsa cha Msangu

Iwe Yusufu, nkhwangwa ukunola chiyambire m'mawayo tayitsamiritsa kaye kuchipupa. Usandiyang'ane choncho ngati sindikudziwa kumene ikupita. Makutu angawa anatha, inde, koma munthu akatchula msangu ndi bwato pakamwa pamodzi ndimamva ngakhale anong'one kuseri kwa khola. Bwera ukhale apa. Nawe Fatuma, foniyo ivundikire pamphasa, siuluka. Aitaneninso ang'onoang'onowo, chifukwa nkhani imeneyi ikadapanda kutha mmene inathera, ena mwa inu bwenzi kulibe, enanu bwenzi mukugulitsa zitumbuwa pasiteshoni ku Chipoka.

Tayang'anani uko. Inu a masiku ano mumangoti kuphiri, ndipo mumapitako kukajambulitsa zithunzi mutakhala pathanthwe ngati mbira. Ife tinkati ku Mphuno. Dziko lambiri la kuno ndi lathyathyathya, mchenga ndi madambo a mpunga, ndiye pamenepo mtunda unachita kudzuka n'kulowetsa mphuno yake m'madzi. Mbali ya kumwera kuli matanthwe oterera, amene mafunde amawamenya osapuma miyezi yonse yachisanu. Mbali ya kumpoto kuli kagombe kobisika, madzi ake ali phee, mpaka umaona nsomba za mbuna zikuthamangitsana pansi. Cholumikiza Mphuno ndi mudzi wathu ndi khosi la mchenga lija mumathamangapo ndi njinga. Khosi limenelo musalikhulupirire. Ine ndinaliona litamira, tikuwoloka madzi ali m'chiuno mitolo ya nkhuni ili pamutu. Ndinaliona litauma mpaka anthu kudzalapo mbatata, ndipo ndaliona litamiranso. Akuluakulu amene ndinawapeza ankati pamene mumamangirira mabwato paja makolo awo ankalimapo mapira, ndipo zitsa za m'minda imeneyo ndi zimene zimakung'ambirani maukonde. Nyanjayi imabwereka malo n'kubweza tsiku limene yafuna.

Ine Naphiri sindine wa kuno, mukudziwa. Ndinabadwira ku Chipoka, kumene abambo anga ankagwira ntchito ya njanji. Nyanja ndinkaidziwa, koma nyanja ya padoko, ya masitima ndi matumba a katundu. Agogo anu aamuna, a Saidi, ankabwera pasiteshoni ndi dengu la utaka wouma panjinga, ndipo ankandiikira basera wochuluka kuposa nsomba zimene ndagula, mpaka amayi anga anayamba kukayika. Mapeto ake ananditenga chitengwa, mwana wa kutchalitchi kukalowa m'mudzi wa kumzikiti. Tinakwera sitima ya pamtunda mpaka ku Salima, kuchoka apo pakaliyala ya njinga, ndipo poti msewu unali mchenga wokhawokha, mtunda wambiri mkwatibwi anayenda pansi akuthandiza kukankha. Ndinafika ndi kabokosi kamalata, mphika umodzi, ndi matenda anga obadwa nawo, kufunsa. Amayi ankati ndinayamba kufunsa ndisanamere mano. Apongozi anga aakazi, Abiti Juma, atandipirira masiku oyamba anati, "Mwana iwe, kodi ku Chipoka mayankho anatha?"

Ntchito ya mtengwa inali nkhuni ndi mbuzi, ndiye Mphuno inasanduka munda wanga. Ndinkapita kukatola nkhuni n'kubwera ndi zinanso m'chitenje: mapale a mbiya okhala ndi mizere imene woumba aliyense wa kuno sankaidziwa, ndi timikanda tabuluu timene tinkaoneka mvula ikakokolola. Chapamwamba, kuseri kwa mitengo ya bwemba, ndinapeza miyala yosanjikiza ngati mpanda, yofika m'mawondo, ndipo ndinadabwa kuti ndani angamange khola pamalo otero. Abiti Juma anati si khola. Anati agogo awo ankathawira kumeneko nthawi ya nkhondo, pamene kugona kuchigwa kunali kudzipereka. Ankatseka pakhosi paja ndi minga, amuna n'kuunjika miyala yogendera adani, akazi n'kumatsika mozemba kukatunga madzi. Za mikanda anati inkagwa kwa amalonda a ngalawa za matanga, amene ankakocheza pakagombe kobisika kaja podikira mphepo yowawolotsa.

Ndinafunsa kuti ankawolotsa chiyani. Anati minyanga. Ndinati, "Minyanga yokha?" Anati, "Ndi anthu. Tsopano sinja chinangwacho." Mpaka lero sindidziwa ngati a m'mudzi muno anali ogulitsidwa kapena othandiza kukweza, ndipo onse amene akadandiuza anagona kale. Zimandisowetsa mtendere, komabe ndimafuna nditadziwa.

Chinanso chinkandidabwitsa n'chakuti phiri lonselo linali la timitengo ting'onoting'ono, pakati pake zitsa zikuluzikulu zowola. Yankho ndinalipeza kwa nkhalamba ina yosoka maukonde, nditaipatsa mbatata yootcha. Inati masitima akale a panyanja ankayenda ndi moto wa nkhuni, ndiye ankaima pa Mphuno kudzatenga zipika, anthu n'kumalandira mchere ndi nsalu. Masitima anadya phiri lonse. Mtengo waukulu unatsala umodzi wokha, msangu, pachidikha cha pakati pa matanthwe awiri pamene dothi linasonkhana.

Khalidwe la msangu mumalidziwa inu? Ndi mtengo wamakani. Mvula ikagwa, anzake onse akuvala, iwo umavula n'kukhala mbulanda. Mvula ikatha, phiri lonse likuyamba kuchita mbuu, iwo ndi pamene umabiriwira. Ndinkakhala pansi pake kutolera mbuzi nyemba zake zopotana zija, ndipo poti pamenepo nyanja yonse imaoneka, ndinkaonerera amuna akugwira ntchito.

Tsopano ndikuuzeni za apongozi anga aamuna, Che Bwanali. Anali munthu wamfupi, wa mawu ochepa, kofia yoyera yosachoka kumutu. Masiku amenewo kuno kunalibe injini, kunalibenso nyali zimene mwadzaza nazo nyanja ngati tauni. Utaka ankaupha masana ndi chilimira, khoka lija lokokedwa ndi mabwato awiri, ndipo utaka supezeka paliponse. Umasonkhana pa chirundu, ndiye kuti phiri la pansi pa madzi, losaoneka ndi maso. Zirundu zapafupi aliyense ankazidziwa, ndipo zinali zitatopa. Koma kunali china kutali, pamadzi akuda, chimene ankachipeza ndi Che Bwanali okha. Mudzi wonse unkadya pamenepo. Okoka khoka, akazi oyanika, ogula a njinga, ngakhale amasiye amene ankangobwera ndi mbale kugombe, onse ankadikira bwato la mdala ameneyo.

Mmene ankachipezera zinali zoonetsa. A Saidi ankandifotokozera kuti akapalasa nthawi yaitali, bambo awo ankakweza dzanja, onse n'kuleka kupalasa. Ankatunga madzi m'manja n'kulawa. Ankaviika nkhafi m'madzi, chogwirira n'kuchiika kukhutu ngati akumvera wailesi. Ankanong'ona timawu, kenako, "Pang'ono kumanja. Bwererani. Bismillah, ponyani." Khoka linkatuluka lolemera. Ena ankati ali ndi mankhwala, ena ankati amamva nsomba zikucheza. Anthu a midzi ina anayesa kulawa nawo madzi, koma anangokhuta madziwo. Ngakhale ana awo sankawauza kanthu. Ankati mwana ukamuuza lero, mawa wauza mkazi wake, mkuja zili pamsika.

Ine pansi pa msangu paja ndinkaona chinthu chimene sindinkachimvetsa. Mabwato a mudzi wathu, timadontho takuda kutaliko, ankaima malo amodzimodzi tsiku lililonse. Mukuona phiri la kumtunda lija lili ndi mpata pakati? Ndikaima patsinde pa mtengowo, mpatawo unkakhala kumsana kwanga, mabwato kumaso kwanga, ngati wina wakoka chingwe. Ndinayamba kufunsa a Saidi kuti bwanji amaima malo amodzi, koma sanandilole n'kumaliza komwe. Anati, "Anaphiri, za panyanja si za akazi." Ndinangosunga mumtima pamodzi ndi mafunso ena.

Msangu umenewo amisiri osema mabwato ankaulakalaka, malovu mpaka kudontha. Koma aliyense akaunena, Che Bwanali ankati, "Umenewo ndi wanga. Sunakhwime." Chaka chino sunakhwime, chaka chamawa sunakhwime.

Ndili ndi pakati pa amayi ako iwe Yusufu, maso a Che Bwanali anayamba kuchita ng'ala. Tinkadabwa kuti munthu wopeza nsomba ndi khutu ndi lilime akudandauliranji maso chotere, poti zapafupi ankaona ndipo ukonde ankasoka bwinobwino. Mvula itatha anakwera lole kupita kuchipatala cha mishoni kumapiri, kumene ankati amachotsa ng'ala, ndipo anakhalako nthawi yaitali.

A Saidi ndi akulu awo, alamu anga a Amidu, anapangana zabwino. Bwato la bambo awo linali lokalamba, zigamba za malata ndi phula paliponse. Anati mdala wakhala akusunga msangu uja zaka zonsezi, tikadikira kuti ukhwime adzamwalira asanakweremo, tiyeni adzapeze bwato. Safunsa anadya phula, ana inu, koma iwo ankati akuchita chikondi, ndipo chinalidi chikondi. Tsiku lougwetsa, nkhwazi zinathawa phiri lonse. Anausemera pomwepo ndi akasemasema, kenako mudzi wonse unalikoka bwatolo ndi zingwe, likugubuduka pa zipika kutsikira kugombe, amuna akuimba, akazi tikuimba nthungululu. Bwato lokongola ngati limenelo sindinalionenso.

Che Bwanali anabwera mwera utayamba, maso ali ngwee. Anatsika panjinga imene inakawatenga ku Salima n'kuyamba kutchula zinthu ngati mwana wophunzira kuyankhula: uyo ndi uje, iyo ndi nkhwazi, taonani ndikuona mpaka mapiri a kutsidya. Kenako anatembenukira ku Mphuno. Anayang'ana nthawi yaitali, anapukuta m'maso, anayang'ananso. Ana awo anawagwira dzanja kupita nawo kugombe, n'kuchotsa mphasa zimene anavundikira bwato.

"Baba, msangu wanu uja ndi uwu," anatero a Amidu.

Anthu anaomba m'manja. Mdala anayenda kuzungulira bwatolo akulisisita, ndipo anati, "Mwasema bwino." Anangonena zomwezo, n'kukalowa m'nyumba. Tsiku limenelo sanadye.

Anapita panyanja ndi bwato latsopano. Analawa madzi, anamvera nkhafi, anaponya, khoka n'kubwera ndi madzi okhaokha. Mawa lake chimodzimodzi. Mwezi unatha mathandala oyanikapo nsomba ali opanda kanthu. Ogula a njinga anasiya kubwera, amasiye ankabwerera ndi mbale zowuma, ndipo ife okhala m'mphepete mwa nyanja tinayamba kudyera chigwada tsiku ndi tsiku ngati anthu a kumapiri.

Nsomba zikasowa anthu amayamba kufuna munthu. Ena anati a kuchipatala anatsuka mankhwala a mdala pamodzi ndi ng'ala. Koma a Amidu anapeza chifukwa chapafupi. Anati m'mudzi muno muli mlendo wosadziwa miyambo ya nyanja, amene amakwera phiri ali ndi pakati n'kumaloza mabwato ndi chala, amenenso amatola zinthu za akufa n'kumasunga m'nyumba. Ankanena mikanda yanga ija. Nkhani inakula mpaka anagwirizana kuti Lachisanu likudzalo, akatuluka kumzikiti, akhale pansi akambe zondibweza kwathu mpaka zinthu zitayera. Ine ndinkadziwa kuti kumeneko ndi kupita kosabwerera. A Saidi ankandikonda, koma anali wamng'ono pa abale, ndipo njala inali kumbali ya akulu awo. Ndinalira, ana inu, sindibisa. Ndinkawafuna amuna anga, ndipo Mphuno nayo ndinali nditaikonda, mafunso anga pa iyo ndisanamalize n'komwe.

Kutatsala masiku ochepa ndinapita kukatola nkhuni, ndikuganiza kuti mwina ndi kotsiriza. Poyandikira pachidikha paja ndinaona kofia yoyera. Che Bwanali, amene ndinali ndisanawaonepo akukwera phiri, anali ataima pachitsa. Ndinabisala kuseri kwa thanthwe. Inu lero mumadyera mbale imodzi ndi apongozi anu mukuseka, koma kale mtengwa sankakumana maso ndi apongozi aamuna. Chifikire m'mudzimo tinali tisanayankhulanepo, ndipo madzi akumwa ndinkachita kugwada patali n'kutuma wina kuti awapatsire. Mdala anayang'ana kunyanja. Anatembenuka n'kuyang'ana mpata wa phiri la kumtunda. Anayang'ananso kunyanja, atatambasula dzanja lina kutsogolo, lina kumbuyo. Kenako anakhala pachitsapo n'kugwira tsaya.

Pamenepo chingwe chija chinakokeka m'mutu mwanga. Kulawa madzi kuja, kumvera nkhafi kuja, zonse zinali zophimba anthu m'maso. Iwo ankangoyang'ana kumtunda, kudikira kuti mtengo wobiriwira ulowe pakati pa mpata wa phiri, ndipo ukalowa ankadziwa kuti afika pamzere wa chirundu. Anapita kukatsukitsa maso kuti aziuona bwino mtengowo, pobwera anapeza ana awo atausema. Ndinawamvera chisoni kuposa mmene ndinkadzimvera ine.

Nanga ndikadatani? Kukanena pabwalo kukadakhala kuwavula mdala pagulu, ndiponso kugawira chirundu chawo kwa aliyense wokhala ndi nkhafi. Kuwauza iwowo sindikadatha, mwambo sunkalola. Kuuza a Saidi kunali kuwauza kuti njala yonseyi anaisema ndi manja awo. Ndinaganiza njira yonse yobwerera, mtolo uli pamutu, ndipo pofika pakhosi la mchenga ndinali nditapeza chochita.

M'mawa mwake mabwato atanyamuka, ndinauza Abiti Juma kuti chidulo chatha, ndikupita ku Mphuno kukatentha phulusa. Chidulo inu simuchidziwa, mumagula soda wa m'kapepala. Ife tinkatentha zitsononkho kapena mapesi, phulusa lake n'kulisefa ndi madzi, madziwo n'kuphikira therere. Apongozi anati, "Phulusa mpaka kuphiri? Zitsononkho zatha pano?" Ndinati la msangu ndi limene limakoma. Ndinakaunjika pachitsa penipeni zibanthu zimene osema anasiya, ndinayatsa, pamwamba n'kuikapo masamba aawisi. Mphepo inali isanadzuke, ndiye utsi unakwera woongoka, woyera, wautali kuposa mmene unalili mtengo.

Ndinaima pamenepo maso ali pa timadontho takuda tija ta mabwato. Timadonthoto tinali kutali ndi malo ake, chakumwera. Kwa kanthawi palibe kadontho kanasuntha, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ndangotopetsa mimba yanga pachabe. Kenako kadontho kamodzi kanayamba kuyenda, tina tikutsata, pang'onopang'ono, mpaka tinafika kumaso kwanga, mpata uli kumsana kwanga. Pamenepo timadonthoto tinaima. Ine ndinangokhala pansi.

Masana bwato latsopano lija linabwera litazama mpaka m'milomo, amuna akupalasa mosamala ngati anyamula mazira. Utaka unadzaza mathandala, wina tinayanika pamchenga. A Amidu ankauza aliyense kuti Alhamdulillah, mankhwala a bambo abwerera. Mawa lake ndinakatenthanso chidulo, mkuja chimodzimodzi. Abiti Juma anati, "Mwana iwe, therere lake ndi la Salima yense?"

Lachisanu anakhalabe pansi, poti nkhani inali itaitanidwa kale. Ine ndinagwada kumbali pamodzi ndi akazi. A Amidu anayankhula nthawi yaitali. Anati nsomba zabwera inde, koma kuti zisathawenso, mlendoyu apite. Onse anayang'ana kwa mdala, amene anali akusoka ukonde osadzutsa mutu.

"Mwanayu sapita kulikonse," anatero Che Bwanali. "Therere la chidulo chake landikomera. Ndikufuna azitentha m'mawa uliwonse umene ine ndili panyanja."

Anthu anaseka, ankati ukalamba wayamba kuwapeza. Koma Che Bwanali therere sankadya n'komwe, ankati limawanyansa kuterera kwake. Abiti Juma, amene anawaphikira moyo wonse, anayang'ana amuna awo, anandiyang'ana ine, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanandifunsenso za phulusa.

Ndinafukiza utsi umenewo chisanu chonse, mimba ili patsogolo, mpaka kukwera phiri kunayamba kundikanika. Pamenepo mdala anaona kuti chinsinsi chawo chikhoza kugonetsa anthu ndi njala kachiwiri. Anatenga a Saidi okha m'bwato n'kukawaonetsa zonse, utsi ndi mpata, komanso chizindikiro chachiwiri chodziwira kuti afika mtunda woyenera, nsonga ya kachilumba kena ka panyanjapo, chimene mwamwayi palibe angachiseme. Agogo anu anafunsa kuti nanga kale, utsi kulibe, ankayang'ana chiyani. Mdala anagogoda bwato ndi nkhafi n'kuti, "Wachikhalira." A Saidi anabwera kunyumba, anakhala pakhomo, kenako anati, "Anaphiri, inu munadziwa liti?" Ine ndinati za panyanja si za akazi. A Saidi omwewo ndi amene anakaunjika miyala pachitsapo n'kuipaka njereza, kuti ine ndipume.

Mvula ili pafupi, khanda lili kumsana, Abiti Juma anabwera ndi lichero lovundikira, akuseka mpaka misozi. Anati apongozi ako akuti ndikupatse mphatso. Ndinavundukula, ndipo munali ndowe za mbuzi zowuma, zokumba pansi pa khola lathu. Akazi a m'mudzi anapeza choseka, ati mtengwa wa ku Chipoka amuthokoza ndi ndowe. Ine, matenda anga aja, ndinafikisa imodzi m'manja kuti ndione, ndipo m'katimo munali kanjere kofiirira, konyezimira. Mbewu ya msangu imamera bwino ikadutsa m'mimba mwa mbuzi. Zinali nyemba zomwe zija ndinkatolera mbuzi pansi pa mtengo wakale. Ndinakazikwirira pambali pa chitsa, ndinatchinga ndi minga, ndipo chilimwe ndinkasenza madzi kukwera nawo. Inamera yambiri, unapirira umodzi. Che Bwanali anamwalira uli wofika m'chiuno, ndipo mpaka kumanda ine ndi iwo sitinayankhulanepo mawu ndi amodzi omwe.

Ndiwo mtengo ukuunolera nkhwangwawo, Yusufu. Ndikudziwa kuti bwato lako latha, ndipo mitengo ikuluikulu kuchigwa kuno munaimaliza ndi makala. Ndikudziwanso kuti chirundu masiku ano mumachipeza ndi foni, ndipo utaka wake suli ngati wakale. Sindikukuletsa. Ndikati sunakhwime undiseka, ndipo mawu amenewo anatipweteka kale pabanja pano.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chakhala chikundidya moyo wanga wonse. Ine ndinafukiza utsi, ndinadzala mtengo, ndinauthirira, koma masiku athu mkazi sankakwera bwato la khoka, ndiye sindinaonepo mmene umaonekera ukalowa mu mpata. Kodi umadzaza mpata wonse? Umaoneka wobiriwira, kapena kutaliko umangoda? A Saidi ndinkawafunsa mpaka anamwalira, ankangoti umaoneka bwino. Amuna kufotokoza sadziwa.

Ino ndi nyengo yake, masamba ali pamwamba. Pita kwa amalume ako ukabwereke boti la injini, mawa tinyamuke mwera usanadzuke. Mundinyamule mundiike pakati ngati thumba la mpunga, Fatuma azindigwira, mafoni nonse musiye kumtunda. Ine ndizikuuza kuti pang'ono kumanja, bwerera, ima pompa. Ndikakauona ndi maso angawa, nkhwangwa ndidzakupatsira ndekha, ngati pobwera kumeneko udzaifunebe.